Kodi Mumadziwa? Za Jakisoni ndi Mapiritsi Ochepetsa Thupi

Kodi mumadziwa kuti mankhwala oyamba a gulu la majakisoni amene atchuka masiku anowa anachokera m'malovu a buluzi? Buluziyo ndi Gila monster wa m'zipululu za ku America ndi Mexico. Mu 1992, Dr John Eng wa ku New York anapeza kuti m'malovu akewo muli chinthu chofanana ndi GLP-1, homoni imene matumbo athu amatulutsa tikadya, youza ubongo kuti takhuta. Pofika 2005 panatuluka Byetta, mankhwala a matenda a shuga.

Nanga zoti Ozempic ndi Wegovy ndi mankhwala amodzi, semaglutide? Onse amapangidwa ndi Novo Nordisk ya ku Denmark. Ozempic anavomerezedwa ku America mu 2017 kuti athandize odwala shuga, pomwe Wegovy anavomerezedwa mu 2021 pofuna kuthandiza onenepa kwambiri.

Kodi mumadziwa kuti si aliyense wodandaula ndi mimba amene amayenera kulemberedwa mankhwalawa? Dokotala amayamba wayeza msinkhu ndi kulemera kwanu kuti apeze BMI. Iyenera kufika 30, kapena 27 ngati muli ndi vuto lina monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Amafunsanso za kumtundu kwanu, chifukwa pali mtundu wina wa khansa ya chithokomiro umene ukapezeka m'banjamo, mankhwalawa saperekedwa.

Kodi mumadziwa kuti Wegovy amayambira pa 0.25 mg pa sabata? Mlingo umakwera pakatha milungu 4 iliyonse, ndipo pamatenga milungu 16 kuti ufike 2.4 mg. Wodumpha masitepe amenewa pofuna kuti diresi la ukwati limukwane msanga amakumana ndi nseru, kusanza ndi kutsekula m'mimba, mwina mpaka madzi kutha m'thupi ndi impso kuvulala. Koma m'mimba mukapweteka kwambiri osasiya, ululu n'kumalasa kumsana, kumeneko si kuzolowera kwa thupi ayi. Kapamba akhoza kukhala atatupa. Musabayenso, thamangirani kuchipatala.

Amayi, iyi ndi yanu. Semaglutide amayenera kusiyidwa miyezi 2 musanatenge pathupi. Tirzepatide, jakisoni wina amene amagulitsidwa ndi dzina la Mounjaro, amatha kufooketsa mapiritsi olera, choncho pamafunika kondomu kapena njira ina kwa milungu 4 mukangoyamba, komanso nthawi iliyonse imene mlingo wakwera.

Mukupita ku opaleshoni? Auzeni adokotala kuti mumabaya jakisoniyu. Chakudya chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo munthu atagonetsedwa chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo.

Kodi mumadziwa kuti thupi limabwerera mukasiya? Pa kafukufuku wa STEP 1, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, kulemera kwa anthu obaya semaglutide kunatsika ndi pafupifupi 15 peresenti m'milungu 68. Atasiya, chaka chisanapitirire, anali atabweza magawo awiri mwa atatu a makilogalamu aja. Ine ndimaona kuti funso la ndalama liyenera kufunsidwa jakisoni woyamba asanabayidwe: kodi ndidzakwanitsa kugula mwezi ndi mwezi, chaka n'kutha?

Jakisoni wosatsegula amasungidwa m'furiji pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akangouma ngati ayezi ndiye kuti wawonongeka. Kumene magetsi amazimazima, funsani ku famase mmene mungasungire.

Kodi mumadziwa kuti kuli Ozempic wachinyengo? Mu October 2023, anthu angapo ku Austria anagonekedwa m'chipatala shuga wawo atatsika koopsa, ena akuchita kukomoka, ndipo zinaoneka kuti m'majakisoni amene anagulawo munali insulin. Mu June 2024, bungwe la WHO linachenjeza za ena onama amene anapezeka ku Brazil, Britain ndi America. Bokosi lake limakhala lokongola, dzina lolembedwa bwinobwino, moti ndi maso n'kovuta kusiyanitsa. Zimandiwawa ndikaona munthu akutumiza ndalama pafoni kwa wogulitsa wa pa WhatsApp amene sanamufunse n'komwe ngati ali ndi pathupi. Kuno ku Malawi, amene amavomereza mankhwala ndi mafamase ndi bungwe la PMRA.

Mapiritsi nawo ali ndi mbiri yawo. Fen-phen anachotsedwa pamsika mu 1997 atawononga mitima ya anthu, ndipo sibutramine anatsatira mu 2010 chifukwa chowonjezera ngozi ya sitiroko ndi matenda a mtima. Chodetsa nkhawa n'chakuti sibutramine yemweyo amapezekabe atabisidwa m'tiyi ndi khofi wina "wochepetsa mimba" wolembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha.

Ndipo kodi mumadziwa kuti orlistat, amene amatsekereza pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a mafuta a m'chakudya, amathanso kulepheretsa thupi kuyamwa bwino ma ARV? Ngati mumamwa ma ARV, tengani botolo lanu mukawaonetse adokotala musanameze kapisozi wa orlistat ngakhale mmodzi.