BATIRE LA NJINGA YAMOTO LIFUNA KUDZAZIDWA PANG'ONO-PANG'ONO

M'dziko la Mfumu Nyalugwe, m'boma la Nyimba, njinga yamoto yasanduka cipangizo ca ulimi monga khasu ndi ngolo. Ndiyo inyamula thumba la fetereza kucokera ku Nyimba kapena ku Petauke, ndiyo ifikitsa nshawa ndi mpendadzuwa kumsika, ndiponso ndiyo ithamangira ndi wodwala ku cipatala usiku. Koma eni njinga ambiri adandaula kuti batire logula caka cino silifika caka camawa. Kawiri-kawiri colakwa siciri m'batire ai, koma m'kadzazidwe kace. Batire la njinga ndi laling'ono, cotero lifuna chaja yaing'ono ndi munthu wodekha mtima.

ZA M'KATI MWA BATIRE

Njinga zambiri ziri ndi batire la mtovu ndi asidi, mtundu umene anayamba kupanga Gaston Planté ku France m'caka ca 1859. M'kati mwace muli zipinda zisanu ndi cimodzi, ndipo cipinda ciri conse cipereka mavolti 2.1, kotero kuti batire lodzala bwino lionetsa mavolti 12.6. Pambali pace palembedwa manambala awiri. Yoyamba ndi 12V, ndiyo mphamvu yace. Yaciwiri itsirizika ndi zilembo Ah, ndipo isonyeza ukulu wa nkhokwe yace ya magetsi. Njinga za 125cc ndi 150cc zikhala ndi batire la pakati pa 5Ah ndi 9Ah, pamene la galimoto lifika 45Ah kapena 70Ah.

Batire likamatha moto, pa mapuleti a mtovu pamera litsiro loyera lochedwa sulphate. Likadzazidwa msanga litsirolo lisungunuka, koma likakhala masabata angapo liuma gwa, ndipo malo amene lakuta sasunganso magetsi. Cifukwa cace batire lakutha moto liyenera kudzazidwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace.

CIMENE CIMALIZA MOTO

M'nyengo ya dzinja, pamene mitsinje yothira mu Luangwa yadzala ndipo miseu yasanduka matope, njinga zambiri ziimikidwa m'khonde. Batire litaya moto lokha ngakhale njinga siikuyenda, ndipo liutaya msanga koposa kukatentha, monga kutentha kwa m'cigwa mu October ndi November. Ena adzazirapo mafoni a banja lonse, kapena kuyatsirapo wailesi ndi nyale za m'nyumba, injini iri cizimire. Enanso aliza njinga ndi sitata kambiri pa tsiku koma ayenda maulendo afupi-afupi, ndipo injini siipeza nthawi yobweza moto umene sitata yadya.

Batire lofoka lidziwika ndi huta yolira motsika, nyale zofiirira, ndi sitata yongogogoda osatembenuza injini. Koma conena zoona kweni-kweni ndi mita yoyesera magetsi, imene amakanika ambiri ali nayo. Njinga itapuma maora angapo, 12.6 ndiye kuti batire ladzala, 12.2 latsala theka, ndipo pansi pa 12 liri pafupi kutheratu. Injini ikamalira mokweza pang'ono, mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikakhalabe pa 12, nthenda iri m'njinga, ndipo batire latsopano lidzatha monga lakale.

Batire longofoka pang'ono libwerera mwini akaliza njinga ndi kiki nayenda ulendo wa ora limodzi. Lotheratu lifuna chaja.

KUSANKHA CHAJA

Coyamba, mavolti a chaja alingane ndi a batire. La 12V lifuna chaja ya 12V, ndipo njinga zina zakale za 6V zifuna ya 6V.

Caciwiri ndico cacikuru. Magetsi olowa m'batire ayesedwa ndi maampu, amene pa chaja alembedwa ndi cilembo A. Lamulo lace ndi ili: nambala ya Ah igawidwe ndi khumi. Batire la 5Ah lifuna theka la ampu, la 7Ah lifuna 0.7A, ndipo lidzala pa maora khumi kapena khumi ndi awiri. Kwa njinga za kumidzi chaja yosapitirira ampu imodzi ndiyo yoyenera. Chaja ya galimoto itulutsa maampu anai, asanu ndi limodzi, ngakhale khumi. Mlimi adziwa kuti fetereza wa mapando khumi akathiridwa pa phando limodzi, cimanga sicikula msanga koma cipsa. Comweconso batire laling'ono pa chaja yaikuru litentha, madzi ace awira ndi kuphwa, mapuleti apindika, ndipo ngakhale njinga ilire tsiku limenelo, moyo wa batire wafupika. Wopereka batire kwa odzaza mabatire pamsika afunse maampu a makina ao asanalisiye, pakuti safunsa anadya phula.

Cacitatu, chaja yabwino ndi imene icepetsa moto yokha batire likadzala. Yotere isamala makamaka mabatire otsekeratu, amene sathiridwa madzi, cifukwa madzi ao akaphwa palibe njira yowabwezera. Chaja wamba ifuna munthu woiyang'anira ndi kuicotsa pa nthawi yace. Batire lolembedwa lithium lifuna chaja ya mtundu wace wokha.

KUDZAZA NDI SOLA

Midzi yambiri iri kutali ndi mawaya a ZESCO, ndipo m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ngakhale a m'matauni anakhala maora ambiri opanda magetsi. Cotero sola ndiyo chaja ya mabanja ambiri. Koma sola yolembedwa 12V itulutsa mavolti 18 mpaka 22 dzuwa likaswa mtengo. Pakati pa sola ndi batire payenera kukhala kabokosi kochedwa controller, koletsa mavolti kukwera mopitirira. Ukulu wa sola nawonso uyang'anidwe. Ya mawati 10 ipereka ngati theka la ampu, ndiyo yoyenera batire la njinga. Ya mawati 100 ipereka maampu oposa asanu, ndipo iyenera batire lalikuru la m'nyumba.

KADZAZIDWE KACE

1. Mwini njinga azime kiyi, namasule waya wa pa cizindikiro ca (−) poyamba, pambuyo pace wa pa (+).

2. Atsuke mitu ya batire ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, osalola sodayo kulowa m'kati, naipukute iume.

3. Ngati batire liri ndi zitsekero, aone kuti madzi ali pakati pa mizere iwiri. Akacepa aonjeze madzi a batire ogula m'sitolo. Madzi a pa mjigo kapena a mumtsinje ali ndi mcere woononga mapuleti. Asidi saonjezedwa, pakuti cimene ciphwa ndi madzi okha.

4. Aike batire pamthunzi popita mphepo, zitsekero zitamasulidwa, kutali ndi mbaula, koloboi ndi fodya. Podzala litulutsa mpweya umene uphulika ukakomana ndi moto.

5. Amange waya wofiira pa (+) ndi wakuda pa (−), ndipo atatero ayatse chaja. Akatsiriza azime chaja asanacotse mawaya.

6. Alikhudze nthawi ndi nthawi. Kufunda pang'ono sikuopsa, koma likatentha aleke kufikira litazizira.

7. Pobwezera m'njinga amange (+) poyamba, natsirize ndi (−).

Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, atsukidwe ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, ndipo wa m'maso apite naye ku cipatala.

BATIRE LAKUFA

Batire limene ladzazidwa bwino ndi kugona usiku umodzi, koma m'mawa lionetsa ngati 10.5, lafa cipinda cimodzi, ndipo palibe chaja yoliukitsa. Lotupa kapena long'ambika lisadzazidwenso konse. Mtovu ndi asidi ndi ululu kwa ana ndi ziweto, cotero batire lakale lisatayidwe kudimba kapena pafupi ndi citsime, ndipo mtovu wace usasungunulidwe pakhomo. Liperekedwe kwa ogula mabatire akale.

Mlimi woimika njinga dzinja lonse amasule waya wa (−), asunge batire pozizira, ndi kulidzaza kamodzi mwezi uli wonse. Alimi a gulu limodzi angathe kusonkha ndalama ndi kugula chaja yaing'ono ndi mita imodzi zoti onse azibwerekana. Akatero, pofika masika njinga idzalira ndi kunyamula zokolola, ndipo ndalama za thonje ndi nshawa zidzagwira nchito zina za pakhomo.