Mtengo Wosinthira Ngalande za Padenga: Zimene Mwininyumba Ayenera Kuwerengera

Denga la malata limasonkhanitsa madzi ambiri kuposa mmene eni nyumba amaganizira, pakuti mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, malowo amalandira lita imodzi ya madzi. Motero denga la masikweyamita 100 mumzinda wa Lilongwe, kumene mvula ya pachaka imakhala pafupifupi mamilimita 800, limatsanula malita ngati 80,000 kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, ndipo m'maboma a mvula yambiri monga Mulanje ndi Nkhata Bay madziwo amachuluka koposa. Ngalande za m'mphepete mwa denga, zimene amisiri amazitchula kuti gutter, ndizo zimalandira madzi onsewa n'kuwapititsa m'mapaipi otsikira pansi kuti asagwere patsinde pa khoma. Ngalandezi zikachita dzimbiri, zikang'aluka kapena zikagwa, mwininyumba amafunsa kuti kuika zatsopano kudya ndalama zingati, ndipo yankho loona silipezeka pongofunsa mtengo wa mita imodzi m'sitolo ya zipangizo zomangira.

Chinthu choyamba chimene chimakweza kapena kutsitsa mtengo ndi kamangidwe ka denga lenilenilo. Nyumba ya mamita 12 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, ngati denga lake limatsikira mbali ziwiri zokha, imafuna ngalande za mamita opitirira pang'ono 24, koma nyumba yomweyo ikakhala ndi denga lotsikira mbali zonse zinayi imafuna mamita oposa 40 pamodzi ndi zolumikizira za m'ngodya zinayi. Kuwonjezera apo pamafunika timabulaketi, tizitsulo kapena timapulasitiki togwira ngalande kuti isagwe, timene timakhomedwa motalikirana masentimita 60 mpaka mita imodzi, kotero kuti mamita 24 okha amafuna timabulaketi 24 mpaka 40. Pamafunikanso zotsekera kumapeto, zolumikizira pakati, misomali kapena masikuluwu, ndiponso mapaipi otsitsira madzi, amene nthawi zambiri amaikidwa imodzi pa mamita 10 kapena 12 alionse. Tinthu ting'onoting'ono timeneti ndi timene ambiri amatiiwala powerengera, ndipo n'chifukwa chake ndalama zimatha ntchito ili pakati. Denga lokhala ndi malo pamene mbali ziwiri zimakumana n'kupanga kachigwa limadya zochuluka, chifukwa ngalande ya m'kachigwamo ili kunsi kwa malata, ndipo singasinthidwe popanda kuzula malatawo ndi kuwakhomanso.

Chinthu chachiwiri ndi mtundu wa ngalande imene munthu wasankha. Yodziwika kwambiri m'Malawi ndi ya lata lokutidwa ndi zinki, chitsulo choteteza ku dzimbiri, ndipo amisiri okhoma zidebe a m'malo ngati Ndirande ku Blantyre amaipinda molingana ndi muyeso wa nyumba. Kukhuthala kwa lata kumayezedwa ndi nambala yotchedwa geji, ndipo nambalayo ikamakwera latalo limapyapyala, moti geji 32 ndi yopyapyala kusiyana ndi geji 28. Lata lopyapyala ndi lotchipa pogula, koma limapindika msanga madzi akadzaza, ndipo pamene lapindika pamadikha madzi ndi matope, amene amadya zinki mpaka dzimbiri litaboola. Mtundu wina ndi wa pulasitiki yotchedwa PVC, imene sichita dzimbiri, ndi yopepuka ndiponso sivuta kulumikiza, ngakhale kuti imafutukuka dzuwa likatentha n'kubwereranso kukazizira, ndipo imene sinapangidwe mopirira dzuwa imauma n'kuyamba kuthetheka pakapita zaka zochepa. Palinso ya aluminiyamu, imene imakhalitsa chifukwa sigwira dzimbiri ngati chitsulo wamba, koma mtengo wake ndi wokwera.

Mitengo ya zipangizozi imatsatira mphamvu ya kwacha, chifukwa chitsulo ndi pulasitiki zopangira ngalande zimachokera kunja ndipo zimayenda mtunda wautali kuchokera kumadoko monga Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi ya ku America idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo zipangizo zomangira zidakwera mtengo motsatira kusinthaku. Pachifukwa chimenechi, mtengo umene mnansi adalipira zaka ziwiri zapitazo sungakhale muyeso wa lero, ndipo wofuna kusintha ngalande ayenera kufunsa m'masitolo awiri kapena atatu pa nthawi imene ndalama zili m'manja, osaiwala mtengo wa galimoto yonyamulira, popeza ngalande ndi zazitali ndipo zimapindika zikamangidwa mosasamala.

Gawo lachitatu ndi malipiro a mmisiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amafuna kupulumutsa ndalama koma n'kudzaluza zochuluka. Ngalande imayenera kupendekera pang'ono kulowera kumene kuli paipi, pafupifupi sentimita imodzi pa mamita atatu kapena anayi alionse, ndipo mmisiri wodziwa ntchito amayamba wakoka chingwe kuchokera kumapeto kufika kupaipi asanakhome kabulaketi n'kamodzi komwe. Ikakhala yosapendekera, madzi amatsalira m'katimo, udzudzu umaswana, ndipo kulemera kwa madziwo, kumene ndi kilogalamu imodzi pa lita iliyonse, kumazula misomali pang'onopang'ono. Malipiro amakwera ngati nyumba ili yosanja, ngati yamangidwa pamalo otsetsereka pamene makwerero saima bwino, kapena ngati mawaya a magetsi a ESCOM akulowera pafupi ndi denga, pakuti zonsezi zimafuna anthu ambiri, nthawi yaitali ndi kusamala kwakukulu. Ndi bwino kugwirizana molemba, mtengo wa zipangizo paokha ndi wa ntchito paokha, ndipo m'pofunika kutchula ngati kuchotsa ngalande zakale kuli m'kati mwa mtengowo.

Mtengo umene umadzidzimutsa anthu kwambiri ndi wa zinthu zobisika kuseri kwa ngalande yakale. Timabulaketi timakhomedwa pa thabwa loyenda m'mphepete mwa denga, lotchedwa fascia board, ndipo ngalande imene yakhala ikudontha kwa zaka zingapo imasiya thabwalo litafumbwa, nthawi zina pamodzi ndi nsonga za mitengo ya denga, makamaka ngati chiswe chidalowamo. Thabwa lotere limaoneka labwino kunja chifukwa cha penti, koma munthu akalibaya ndi msomali, msomaliwo umangolowa wosakana, ndipo ufa wa mtengo umayoyoka. Kukhoma ngalande yatsopano pa thabwa lofumbwa ndi kutaya ndalama, choncho mwininyumba ayenera kupempha mmisiri kuti akwere n'kuyesa matabwa onse asanatchule mtengo, ndiponso kusungako ndalama yapadera ya matabwa, mankhwala a chiswe ndi penti. Si nthawi zonse pamene ngalande yonse imafunika kuchotsedwa, pakuti imene ikudontha polumikizira pokha ingamatidwe, ndipo imene yagwa chifukwa cha kabulaketi kothyoka ingakwezedwe, koma imene yabooka malo ambiri kapena yathetheka ndi dzuwa yatha ntchito.

Kumene madzi akathere ndi gawo la mtengo womwewo, chifukwa paipi yothira madzi patsinde pa nyumba imasonkhanitsa pamalo amodzi vuto limene kale linali lomwazikana. Mvula imodzi ya mamilimita 25 pa denga la masikweyamita 100 ndi malita 2,500, ndipo akuluakulu adanena kuti madzi saiwala khwawa: pamene akumba chaka chino adzakumbanso chaka chamawa, mpaka maziko ataonekera. Nyumba zambiri m'Malawi zidamangidwa ndi njerwa zomatidwa ndi dothi, ndipo khoma lotere likanyowa kunsi limafewa, pulasitala amasendeka, ming'alu n'kuyamba kukwera. Pamafunika kangalande ka simenti kotengera madzi kutali ndi nyumba popanda kuwalozetsa kwa mnansi, kapena thanki yosungira madziwo. Thanki imawonjezera mtengo, ndipo ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani asanu, kotero imafuna pokhala polimba, komabe madzi ake amathandiza kuchapira ndi kuthirira ndiwo zamasamba, bola madzi a mvula yoyamba atayidwe chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame padenga.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi chilimwe, kuyambira mu Meyi mpaka kuchiyambi kwa Okutobala, matabwa ali ouma ndiponso amisiri asanapanikizike ndi anthu othamangira kukonza madenga mvula itayandikira. Ngalande zatsopano zimakhalitsa ngati masamba ndi dothi zikuchotsedwa kawiri pachaka, mvula ya chizimalupsa isanagwe ndiponso dzinja likatha, makamaka panyumba zozunguliridwa ndi mitengo ya mango. Mwininyumba wanzeru amayerekeza mtengo wa ngalande ndi mtengo wogwetsa ndi kumanganso khoma, ndipo powerengera motero amaona kuti ngalande yolimba, yoikidwa ndi mmisiri wodziwa ntchito pa matabwa abwino, ndiyo yotchipa. Amene ndalama zake n'zosakwanira nyumba yonse ayambe ndi mbali imene madzi akuwononga kwambiri, aikonze mokwanira, ndipo mbali zotsalazo adzamalize chilimwe chotsatira.