KANCHENCHE KA PA MASAU KADABWITSA AKATSWIRI

Nyengo ya masau ikafika m'dera la Mfumu Yaikulu Mburuma, m'boma la Luangwa limene kale linali kuchedwa Feira, amai oyanika zipatsozi amabvutika ndi tinchenche tating'ono ta maso ofiira timene timaunjikana pa masau obvunda. Ambiri amangotiingitsa ndi dzanja. Koma akatswiri a sayansi amatiweta m'mabotolo ndi kutisamala ngati ng'ombe. Dzina lake ndi Drosophila.

Kwao kwa kanchenche aka ndi kuno. M'caka ca 2015 akatswiri anafalitsa zimene anapeza atapima tinchenche pafupifupi 200 togwidwa ku Siavonga, kumtunda kwa Zambezi yemweyu. Kafukufuku wotere waonetsa kuti makolo a tinchenche tofala pa dziko lonse anacokera cigawo cino ca Afirika.

Dzira lake ndi theka la milimita, ndipo limaswa patapita tsiku limodzi lokha. Nanga kadzira kotere kamadziwa bwanji kumene kudzakhala mimba ndi kumene kudzakhala msana?

Make amasiya m'dziramo mapuloteni awiri, Dorsal ndi Cactus, omwazika ponseponse mofanana. Dorsal ndiye wanchito: akalowa mu nyukiliyasi, kacipinda kosunga malangizo a thupi, amayambitsa kupangidwa kwa minofu. Cactus ndi mlonda amene amamgwira kuti asalowe. Pakatha maora atatu dziralo limakhala ndi tizipinda totere pafupifupi 6,000 tondandalikana m'mphepete mwake.

Tsono kunsi kwa dzira kokha kumabwera cizindikiro kudzera mwa puloteni wina wochedwa Toll. Pamenepo Cactus amaikidwa cidindo cochedwa ubiquitin, ndipo makina a m'selo ochedwa proteasome amamphwanya, monga mtondo usinja masau ouma. Mlonda akacoka, Dorsal amalowa. Kunsi amalowa wambiri, nkupanga minofu. M'mbali amalowa pang'ono, ndipo kumeneko kumacokera mitsempha ya uthenga. Kumwamba Cactus amakhalabe wamoyo, Dorsal salowa, ndiye kumasanduka msana.

Apa ndi pamene pali codabwitsa. Cactus akapanda kuphwanyidwa, mphutsi imatuluka yopanda minofu, thupi lonse cikopa ca kumsana, ndipo imafa. Akasowa konse, Dorsal amalowa paliponse, mbali za kumsana zimasowa, imfa ndi yomweyo. Tinazolowera kuona kuphwanya ngati kuononga, koma m'dziramu ndiyo njira yoikira malire.

Christiane Nüsslein-Volhard wa ku Germany, amene anacita zambiri pofufuza zimenezi, analandira mphotho ya Nobel mu 1995 pamodzi ndi Eric Wieschaus ndi Edward Lewis. Mu 2004 mphothoyo inapita kwa Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose, amene anatulukira nchito ya ubiquitin.

Wowerenga angafunse kuti zimenezi zimkhudza bwanji munthu wa ku Luangwa. M'thupi mwathu muli abale a Dorsal ndi Cactus, ndipo mlonda wathu amaphwanyidwa mwa njira yomweyo kuti citetezo ca thupi cidzuke tizilombo tikalowa. M'matenda ena a kansa khomo limeneli limakhala lotseguka kosalekeza. Mu 2003 dziko la America linabvomereza mankhwala ochedwa bortezomib, amene amaimitsa proteasome, kuti azipatsidwa kwa odwala kansa ya m'mafuta a m'mafupa yochedwa multiple myeloma.