Mendulo ya Mkuwa Yokumbukira Dotolo Lister

M'maiko a ku Ulaya muli mwambo wolemekeza madotolo otchuka pa ntchito ya opaleshoni poika nkhope zao pa mendulo za mkuwa. Mendulo imafanana ndi ndalama yachitsulo, koma ndi yokulirapo ndipo sagulira kanthu. Mmisiri amayamba waumba nkhopeyo ndi dongo kapena phula, kenaka amapanga chikombole chodindira kapena chothiramo mkuwa wosungunula. Mkuwawo amausakaniza ndi tini kuti ulimbe, motero suchita dzimbiri ngati chitsulo wamba. Nchifukwa chake anthu ena amatolera mendulozi nazisunga ngati chuma cha mbiri.

Imodzi mwa mendulo zodziwika ndi ya Joseph Lister, dotolo wa ku Mangalande amene anabadwa mu 1827 namwalira mu 1912. Masiku ake odwala ambiri ankamwalira atachitidwa opaleshoni, kaamba koti mabala ao ankachita mafinya ndi kuola. Atawerenga zimene Louis Pasteur wa ku France anapeza, Lister anazindikira kuti chooletsa mabala ndi tizirombo tosaoneka ndi maso.

Mu August 1865, pa chipatala cha Glasgow Royal Infirmary anabwera naye mnyamata wa zaka 11 amene ngolo inamuponda mwendo, fupa nkuthyoka ndi kuboola khungu. Nthawi imeneyo mwendo wotere kawirikawiri ankaudula. Lister anamanga balalo ndi nsalu yoviika m'mankhwala opha tizirombo otchedwa carbolic acid, ndipo patatha milungu 6 mnyamatayo anatuluka akuyenda ndi miyendo yake yonse. Pambuyo pake dotoloyu analamula kuti manja, mipeni ndi ulusi wosokera bala zizitsukidwa ndi mankhwalawo. Njirayi isanayambe, mwa anthu 35 amene anawadula ziwalo anamwalira 16. Itayamba, mwa anthu 40 anamwalira 6 okha.

Lister atamwalira, anthu anasonkha ndalama zomukumbukira. Mmisiri Thomas Brock, yemwe anaumbanso nkhope ya Mfumukazi Victoria imene inaikidwa pa ndalama za ku Mangalande mu 1893, anaumba chiboliboli chake cha mkuwa. Anachiimika mu msewu wa Portland Place ku London mu 1924, Brock atamwalira kale mu 1922. Chaka chomwecho cha 1924 ku Glasgow anaimikanso china choumbidwa ndi George Henry Paulin, ndiponso bungwe la Royal College of Surgeons linayamba kupereka mendulo ya Lister kwa anthu otukula ntchito ya opaleshoni, posayang'ana dziko lao. Woyamba kuilandira anali William Watson Cheyne, amene ankathandiza Lister pa ntchito. Mu 1945 inapita kwa Howard Florey, mmodzi mwa amene anachititsa kuti penisilini afike kwa odwala.

Lero carbolic acid sathiranso pa mabala chifukwa amaotcha khungu, ndipo pali mankhwala ena abwino koposa. Koma phunziro la Lister silinasinthe. Namwino akamasamba m'manja asanagwire bala, kapena akamaphitsa zipangizo, akutsata phunziro lomweli. Momwemonso munthu akavulala kumudzi, osamalira ayenera kusamba m'manja ndi sopo, kutsuka balalo ndi madzi owiritsa atazirala, ndi kulimanga ndi nsalu yoyera. Asathirepo dothi, ndowe kapena phulusa, pakuti dothi ndi ndowe zimanyamula tizirombo ta kafumbata. Akatero afulumire naye ku chipatala bala lisanayambe kuola.