Nkhonya ndi MMA zilimbirana acinyamata a mu Kalingalinga

Mu Kalingalinga, monganso mu Mtendere ndi Helen Kaunda, muli mkangano umene makolo ambiri sanaumvetse bwino. Akuluakulu amene anakula akumva dzina la Lottie Mwale pa wailesi akuti palibe masewera oposa nkhonya. Acinyamata, amene aonera zonse pa foni, akuti nkhonya zinakalamba ndipo za masiku ano ndi MMA, kumenyana kwa m'khola la waya. Mkanganowu umveka m'malo ometera tsitsi, pakati pa anyamata oocherera zitseko ndi mawindo, ngakhalenso panja pa chalichi Misa ikatha. Makolo ayenera kudziwa za nkhani iyi, cifukwa ana athu ena atopa ndi kuonerera cabe, afuna kulowamo okha.

Tiyambe ndi kusiyana kwa masewera awiriwa. Pa nkhonya munthu agwiritsa nchito manja okha, atavala magilovu okhuthala, ndipo saloledwa kumenya mnzace kumunsi kwa lamba kapena atagwa pansi. Raundi imodzi ya amuna ndi mphindi 3, ndipo ndewu yolimbirana lamba ifika maraundi 12. Pa MMA aphatikiza nkhonya, mateche, maondo, zigongono ndi kugwetsana. Magilovu ndi ang'ono, osaphimba zala. Raundi ndi mphindi 5, maraundi 3, kapena 5 ngati ndi za lamba. Munthu akagwa ndewu ipitirira pansi pomwepo mpaka wina agonje kapena woweruza aimitse. Kampani yaikulu ya masewerawa, UFC, inayamba ku America mu 1993, ndipo ku South Africa kuli ina yochedwa EFC imene inayamba mu 2009.

Akuluakulu sakangana pacabe, pakuti nkhonya zinakweza dzina la Zambia. Lottie Mwale, amene anthu anali kumucha Gunduzani, anapata mendulo ya golide pa masewera a Commonwealth mu 1974. Mu 1979 anagonjetsa Gary Summerhays wa ku Canada muno mu Lusaka natenga lamba wa Commonwealth, ndipo mu 1980 anakamenyana ndi Matthew Saad Muhammad ku America polimbirana lamba wa dziko lonse wa WBC, ngakhale sanapambane. Mendulo yoyamba ya Zambia pa masewera a Olympic inabwera ndi womenya nkhonya, Keith Mwila, ku Los Angeles mu 1984. Esther Phiri, amene anali kugulitsa ndiwo pa msika, anayambira kuphunzira nkhonya pafupi pomwepa mu Mtendere, nakwera pansi pa mphunzitsi Anthony Mwamba mpaka boma la a Levy Mwanawasa linamupatsa nyumba. Mu January 2016 Catherine Phiri anagonjetsa Yazmin Rivas kwao ku Mexico nabweretsa lamba wa WBC. Mu 2022 ku Birmingham, Stephen Zimba anapata siliva ndipo Patrick Chinyemba anapata mkuwa.

Nanga ndi ciani cikokera acinyamata ku MMA? Coyamba ndi cakuti ioneka kawirikawiri. UFC ikonza ndewu pafupifupi sabata iliyonse, ndipo popeza ndi kampani imodzi, pa sikelo iliyonse pali mfumu imodzi yodziwika. Ku nkhonya kuli mabungwe anai akuluakulu, WBC, WBA, IBF ndi WBO, lililonse ndi lamba wace, kotero munthu wamba sadziwa kuti katswiri weniweni ndi uti. Kuno kwathu ndewu zazikulu zimatenga miyezi kuti zicitike cifukwa okonza asowa ndalama. Mlimi aliyense adziwa kuti munda umene supitamo kawirikawiri, udzu ndiwo ulowa.

Caciwiri ndi cakuti ana a mu Africa anafika pamwamba mu UFC. Kamaru Usman ndi Israel Adesanya, obadwira ku Nigeria, anatenga malamba mu 2019. Dricus du Plessis wa ku South Africa anatenga wace mu January 2024. Koma mbiri imene igwira mtima wa mnyamata wa mu Kalingalinga ndi ya Francis Ngannou wa ku Cameroon, amene anayamba kukumba mcenga ali mwana wa zaka ngati 10, nakagona m'misewu ya ku Paris, kenaka mu 2021 nakhala mfumu ya anthu olemera thupi mu UFC. Mwana amene anaona amai ace akuphwanya miyala m'mbali mwa mseu tsiku lonse akamva mbiri yotere aganiza kuti nayenso njira yace ndi yomweyo.

Mbali ziwirizi zinayesanapo mphamvu. Mu August 2017 Conor McGregor wa UFC analowa m'bwalo la nkhonya ndi Floyd Mayweather ku Las Vegas, nagonja mu raundi 10. Mu October 2023 Ngannou anagwetsa Tyson Fury mu raundi 3 ku Riyadh, koma oweruza awiri mwa atatu anapatsa Fury cipambano. Mu March 2024 Anthony Joshua anamaliza Ngannou mu raundi 2. Ndewu zonsezi zinacitika pa malamulo a nkhonya, cifukwa ndiko kumene akatswiri a pamwamba alandira ndalama zambiri. Ndipo mu September 2025, Dana White, mkulu wa UFC, ndiye anakhala pakati pokonza nkhonya za Canelo Alvarez ndi Terence Crawford. Apa tione bwino: ife tikangana m'komboni, koma eni ace adyera mbale imodzi.

Akuluakulu anati njovu ziwiri zikamenyana wovutika ndi udzu. Udzu woyamba ndi omenyana ang'onoang'ono. Ku America omenyana akale anasumira UFC kukhoti kamba ka malipiro ocepa, ndipo mu 2024 kampaniyo inavomera kulipira madola 375 miliyoni. Ngati ziri tero kumeneko, kuli bwanji mnyamata wa kuno amene alibe womuimira? Udzu waciwiri ndi oonerera. Ndewu za ku Las Vegas zifika kuno m'bandakuca wa pa Sondo, ca m'ma 04:00 kapena 05:00. Anyamata acezera usiku wonse m'nyumba za mowa, ena akubecha pa foni ndalama imene inayenera kugula unga kapena kusungidwira feteleza, ndipo pa Misa ya m'mawa mabenchi ao ali opanda anthu.

Udzu wacitatu, umene uposa zonse, ndi mutu wa munthu. Okonda MMA anena kuti nkhonya ndizo zoopsa, cifukwa munthu wogwa amuwerengera mpaka 10 ndipo akaimirira amubwezera kukamenyedwanso kumutu. Okonda nkhonya ayankha kuti kumenya munthu ali gone pansi si masewera ai. Onse awiri anena zoona. Madokotala acenjeza kuti kumenyedwa kumutu mobwerezabwereza kuononga bongo pang'onopang'ono. Imfa ya Kim Duk-koo wa ku South Korea mu 1982 ndiyo inacititsa kuti maraundi acepetsedwe kucoka pa 15 kufika pa 12. Gunduzani wathu anamwalira mu October 2005 atadwala nthawi yaitali matenda onjenjemeretsa thupi ochedwa Parkinson's, omwenso anavutitsa Muhammad Ali.

Mpingo sudana ndi masewera. Paulo Woyera, m'kalata yoyamba kwa Akorinto mutu 9, anatenga womenya nkhonya ngati citsanzo ca kudziletsa. Koma Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2288 ndi 2289, aphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso za Mulungu zofunika kusamalidwa, ndipo acenjeza za kupembedza thupi ndi cipambano. Mu October 2005 magazini ya ansembe a ciJesuit ya ku Roma, La Civiltà Cattolica, inadzudzula kolimba nkhonya zomenyera ndalama, koma inazisiyanitsa ndi zophunzira m'makalabu motetezedwa. Muyeso womwewo uyenera MMA.

Tsono inu makolo, mwana akabwera kudzapempha kuti ayambe masewerawa, musathamangire kukana kapena kuvomera. Pitani mukaone malowo ndi maso anu. Funsani ngati kalabu inalembetsedwa. Pa nkhonya za ophunzira pali bungwe la Zambia Boxing Federation, ndipo pa zomenyera ndalama pali Zambia Professional Boxing and Wrestling Control Board. Funsani ngati pa tsiku la ndewu pakhala dokotala ndi ambulansi, ngati ana avala zoteteza mutu ndi mano pophunzira, ndiponso ngati mphunzitsi apumitsa mwana amene wacita cizungulire. Mwana asasaine pepala lililonse inu musanaliwerenge, ndipo sukulu isaime. Mphunzitsi amene akwiya ndi mafunso otere musamusiyire mwana wanu.

Kwa inu okonda masewera, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ngati nkhonya za kuno zizirala, ndi cifukwa cakuti ndalama zathu zithera pa kubecha ndewu za kunja pamene makalabu a m'makomboni asowa magilovu. Kukakhala mpikisano wa ophunzira muno mu Lusaka, kaya ndi wa nkhonya kaya wa MMA, tiyeni tikalipire pa cipata, tikaone ana athu, ndipo tikafunse okonza za dokotala asanalize belu loyamba. Miphakati yathu nayonso ikambirane nkhaniyi pamodzi ndi acinyamata, pakuti anawa ndi athu tonse.