Mutu 7: Magazini Odzitcha a Sayansi

Anthu ambiri akaona nkhani ili ndi mutu wa Chingerezi, manambala ochuluka ndi dzina la pulofesa, amangoti ndi sayansi basi, osafunsa ngati idadutsa pa kauniuni. Kauniuni ameneyu ndi ntchito imene mkonzi wa magazini amapatsa akatswiri ena a phunziro lomwelo, kuti aone ngati odwala ofufuzidwawo anali okwanira, ngati masamu ake ali olondola, ndiponso ngati zimene wolemba akunena zikuchokeradi m'zimene adapeza. Ndi ngati kupeta mphale pa lichero, ndipo magazini imene sipeta imapakulira owerenga gaga yemwe.

Magazini ya Medical Hypotheses, imene David Horrobin adayambitsa mu 1975, inkadalira mkonzi yekha posankha nkhani, ponena kuti maganizo achilendo nawonso apatsidwe malo. Mu 2009 idalandira nkhani ya Peter Duesberg yokana kuti HIV ndi imene imayambitsa Edzi, pomwe munthuyu adali m'gulu la alangizi a Pulezidenti Thabo Mbeki mu 2000, ndipo ofufuza a ku Harvard adayerekeza kuti kuchedwetsa ma ARV ku South Africa mu ulamuliro wa Mbeki kudaphetsa anthu oposa 330,000. Asayansi atadandaula, kampani ya Elsevier, yosindikiza magaziniyo, idachotsa nkhaniyo, ndipo mu 2010 mkonzi Bruce Charlton adachotsedwa ntchito atakana kuyambitsa kauniuni.

Ku Neno nkhani yotere si yakutali, pakuti chibwerere bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo mu 2007, anthu ambiri amalandira ma ARV pachipatala cha boma, ku Lisungwi ndi m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene amayenda mapiri kukaona odwala akhoza kupeza wina wasiya mankhwala chifukwa cha pepala limene wachibale wamutumizira pa WhatsApp. Choipa n'chakuti nkhani ikachotsedwa m'magazini, makope ake amayendabe m'mafoni kwa zaka zambiri popanda chizindikiro choti idakanidwa.

Kauniuni nayenso amaphonya nthawi zina, koma magazini ngati Malawi Medical Journal imakhala ndi akonzi odziwika amene angafunsidwe. Choncho wolandira pepala lotsutsa mankhwala ake ayambe wakalionetsa kwa dokotala kapena namwino, ndipo asadumphitse kumwa ngakhale tsiku limodzi podikira yankho.