Werengani masekondi mphenzi isanakupezeni

Mukuchokera kusukulu ku Ntaja kapena ku Ulongwe, kumwamba kwada bii, kenako ng'ani! Foni mulibe, wotchi mulibe. Mubisale kapena mupitirize ulendo?

Nayi njira yachidule. Mukangoona kung'anima, yambani kuwerenga masekondi mpaka mumve bingu. Nambala mwapezayo muigawe ndi 3, ndipo yankho lake ndi makilomita a pomwe mphenziyo yagwa. Mukafika pa 9, ndiye kuti yagwa pa mtunda wa makilomita 3.

Zimatheka bwanji? Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, choncho kumakufikani pompopompo. Phokoso ndi kamba: limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, motero kilomita imodzi imalitengera masekondi 3.

Yankholi si lolondola ndendende, poti liwiro la phokoso limasinthako kukatentha kapena kukazizira. Komatu Herbert Simon, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1978, adafotokoza kuti nthawi ndi zipangizo zikachepa, munthu amasankha yankho longokwanira m'malo mosakasaka langwiro.

Ndiye bingu likamveka musanafike pa 30, thamangirani m'nyumba. Pansi pa mtengo wa mango ayi, chonde!